Wovala Dengu wa pa Mansenga

Pa Mansenga, pomwe msewu waukulu wochokera ku Serenje umakhota polowera ku Mpika, pali kamsasa ka malata atatu ndi mulu wa matayala akutha pakhomo pake. Mwini wake ndi Bwembya Katongo, womata matayala. Kumatako amamata ndithu, koma mukafunsa aliyense wa pamenepo kuti Bwembya amagwira ntchito yanji, akuuzani kuti amabereka anthu.

Nkhani yake ili chonchi. Chipatala chathu chaching'ono chili tsidya la dambo, moti ukaima pamsewu umachita kuona denga lake likuwala. Koma amene anachimanga, kaya anayambana chiyani ndi msewu, anachiika poti galimoto izungulire makilomita khumi ndi awiri, ndipo mvula ikangogwa kawiri njira imeneyo imasanduka phala. Yachidule ndi yapansi: kutsetsereka m'munda wa chinangwa, kudula dambo, n'kuwoloka kamtsinje pa ulalo wa mitengo iwiri. Wilibala siwoloka pamenepo, njinga amachita kuinyamula. Tsono munthu akakomoka m'basi, kaya mayi woyembekezera zamuyambira panjira, kaya dalaivala wa thanki wagona pachiwongolero n'kukadzukira m'ngalande, chotsala ndi msana wa munthu. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi msana umenewo wakhala wa Bwembya.

Munthuyo ndi wamfupi, wamatewe, wa msana wotambalala, ndipo ali ndi malaya amodzi achikasu amene ena amalumbira kuti anabadwa nawo. Ntchitoyi anaiyamba mwangozi atangokwatira kumene. Basi inatsitsa mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, thupi litauma gwa, maso atatembenuka, ndipo anthu anamuzungulira monga timachitira, aliyense ndi mankhwala ake. Wina ankafuna supuni yoti amulowetse m'kamwa, wina ankamununkhitsa anyezi, mayi wina anali atayamba kale nyimbo ya maliro. Bwembya analibe mankhwala alionse, ndiye anangowerama n'kunena kuti, “Mundikwezere.” Atafika naye kuchipatala, namwino wachikulire amene analipo masiku amenewo anamukhazika pansi n'kumuphunzitsa zinthu zitatu: wokomoka umugoneke chammbali, usamumwetse madzi, ndipo amene wavulala khosi kapena msana usamunyamule ngakhale anthu akutukwane, udikire odziwa. Sukulu ya Bwembya ya zachipatala inathera pomwepo, koma zitatuzo akuzigwirabe mpaka lero, ndipo masupuni amene walanda anthu pamsewu paja ndi okwanira kutsegulira lesitilanti.

Malipiro ake anali wayilesi. Kuboma kuli kawayilesi ka m'dera lathu, ndipo Lachinayi lililonse mtolankhani wina dzina lake Chilekwa amaulutsa pulogalamu ya ngozi ndi matenda a pamsewu. Vuto la Chilekwa linali limodzi: nkhani inkamupeza mochedwa. Ankafika pa Mansenga mawa lake, wodwala atachira kale kapena atatumizidwa kuchipatala chachikulu. Ndiye pofuna kuti omvera amve ngati analipo, ankamuberekesa Bwembya thumba la makala n'kumathamanga pambali pake foni ili kukamwa kwa mkuluyo. Pomulemekeza ankamuitana Bashi Lombe, kutanthauza bambo a Lombe, potengera mwana wake woyamba.

“Pumani mwamphamvu, Bashi Lombe. Wefuwefuyo sakumveka.”

“Kodi dzulo ndinapuma chonchi?”

“Omvera kunalibe dzulo. Buulaninso pang'ono.”

Bwembya ankabuula ndi mtima wonse. Lachinayi likakwana ankatseka kamsasa msanga, n'kukhala pa tayala wayilesi ili pakhutu, kumadzivomereza yekha kuti, “Eetu. Ndi momwemo.” Odwala ake ankanenepa akafika pa wayilesi. Dalaivala wa ku Tanzania amene Lolemba anali woonda ngati bango, pofika Lachinayi ankalemera matumba atatu a chimanga, ndipo Bwembya ankafotokoza zonse: mmene analirira, zimene anasanza, ndi dzina la mkazi amene ankamuitana ali chikomokere.

Koma panali munthu mmodzi amene ankamvera pulogalamuyo ndi khutu lina. Amenewo anali apongozi ake, Banakulu Lombe, ndiye kuti agogo a Lombe, mayi a mkazi wake Nsofwa.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, sadyera pamodzi, sakhudzana ngakhale chala. Akakumana panjira, mkamwini amapatukira kuthengo. Zimenezi zimatha pokhapokha apongoziwo akakhutira naye n'kumuchitira ukwingisha: amaphika zakudya zamitundumitundu, ng'oma zimalira, amamugwira dzanja n'kumulowetsa m'nyumba mwawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndi mwana wa pakhomo, akhoza kuvundukula mphika wawo n'kuseka nawo. Anzake a Bwembya onse analowetsedwa kalekale. Ngakhale Shula wometa, munthu woti anagulitsapo mbuzi ya apongozi ake kuti akamwere, analowetsedwa chaka chachisanu ndi chinayi. Bwembya anali akupatukirabe kuthengo, moti tchire lonse la pakati pa msewu ndi mudzi ankalidziwa ndi minga yake yomwe.

Zinkamupweteka, tisabise. Mayi ake omubala anamwalira iye akukwawa, ndipo mumtima mwake ankangofuna nyumba imodzi padziko pano yoti azilowamo osaodira.

Banakulu Lombe ndi mayi wathupi, wogulitsa chikanda, chakudya chija cha timizu tosinja ndi nsinjiro, komanso mbatata zootcha pamsewu pomwepo, chakumunsi kwa kamsasa ka matayala, atakhala chofulatira. Akafuna kuti mkamwini amve kanthu, ankauza nkhuku. Lachisanu m'mawa ankafika pabwalo la mwana wawo n'kuima atafulatira nyumba.

“Iwe nkhuku, unamvera wayilesi dzulo? Akuti Lolemba teni koloko m'mawa amuna ena anali kudambo atabereka mayi wa ku Nakonde. Teni koloko! Anzawo ali kumunda. Kodi chinangwa cha mwana wanga chizipaliridwa ndi wayilesi? Ndiye mayi wa eni akeyo, dziko lonse lamva kuti chitenje chinamasuka pa ulalo. Uwafunse, nkhuku iwe, anawatuma ndani?”

Bwembya ali m'nyumba ankanong'oneza mkazi wake. “Bana Lombe, auzeni kuti mayiyo zinali zitamuyamba.”

“Kauzeni nokha nkhukuyo,” Nsofwa ankatero. “Ine ndatopa kukhala lamya.”

Choncho wayilesi yomwe inkamukweza Lachinayi ndi yomwe inkamupachika Lachisanu. Chilekwa ankatchula tsiku, ola ndi dzina, ndipo apongozi ankangotola umboni osatuluka thukuta.

Tsiku limene likukambidwabe mpaka lero linali la mu Novembala, nyengo ya mphalabungu. Nyengo imeneyo mudzi wonse umathera kunkhalango kukagwedeza mitengo. Amuna amphamvu anali kumeneko, Nsofwa anali kumeneko, ngakhale aphunzitsi anali kumeneko. Pamsewu panangotsala amayi achikulire ogulitsa, Bwembya, ndi dzuwa loswa mtengo. Chamasana basi yochokera ku Mpika inaima, amayi n'kuthamangira kumawindo ndi mabeseni awo. Banakulu Lombe anali atatha sabata osamwa mapilitsi awo a kuthamanga kwa magazi, ati amawakodzetsa pakati pa malonda. Anathamanga nawo, anakweza beseni la chikanda kuwindo, kenako anangoti khu! pansi. Chakudza sichiimba ng'oma.

“Bashi Lombe! Wagwa munthu kuno!”

Wokuwayo anali Bana Mpundu, msuweni wake wa Bwembya, mayi woti pakamwa pake sipanatsekepo chibadwire. Bwembya anataya chubu chimene ankamata n'kuliyatsa liwiro, akukuwa mawu ake a masiku onse. “Patukani! Supuni ayi! Madzi ayi! Mpatseni mphepo!” Anthu anapatuka. Iye anaona chitenje chobiriwira, kenako mapazi awiri amene kwa zaka zonsezi ankangowaonera m'mipata ya tchire akudutsa. Miyendo yake sinafunse mutu. Inakhota yokha, inadumpha ngalande, ndipo pomwe Bwembya amazindikira anali ataima kuseri kwa mtengo, kuthengo.

Ngati tsokalo silinakwane, m'basi momwemo munali Chilekwa, akupita ku ukwati ku Serenje. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake nkhani inamupeza ilipo. Anatsika nsapato imodzi ili m'manja, foni ataikweza m'mwamba, akuonetsa zonse pa Fesibuku nthawi yomweyo.

“Agonekeni chammbali!” anakuwa Bwembya ali kuseri kwa mtengo. “Amasuleni duku! Iwe wa supuniwe, ndakuona!”

“Bashi Lombe, mukuchiza muli kuthengo?” anatero Bana Mpundu. “Tulukani, munthu akutha uyu!”

“Sindingathe, msuweni. Mukudziwa ndi ndani amenewo.”

“Ndiye afe ndi ulemu wanuwo?”

Amayiwo anawagoneka chammbali. Mpweya unali kutuluka, koma wa mkonono, wosasangalatsa. Kondakitala anati basi yake singalowe njira yozungulira ija, mvula ya dzana inali itaiphika kale. Bambo wina wa suti anatsika, anayesa kunyamula mwendo umodzi, n'kukumbukira kuti ali ndi vuto la msana. Amayi anayi anati agwirizane, wina mkono wina mwendo, koma onse ankadziwa kuti pa ulalo sipadutsa anthu awiri mogundana mapewa.

Kuseri kwa mtengo kuja Bwembya thukuta linali kamukamu. Akatuluka n'kuwabereka pamaso pa foni ija, boma lonse likanaona Banakulu Lombe ali pamsana pa mkamwini, miyendo itazinga m'chiuno mwake. Akanawaimba nyimbo m'maukwati mpaka kumanda, ndipo mayi wonyada ngati amene uja sakanamukhululukira. Chitseko chimene wachidikira zaka zonsezi chikanatsekedwa ndi misomali. Akapanda kutuluka, akhoza kufera pamsewu beseni lili pambali. Chachiwirichi sakanachilola, ngakhale chitseko chitseke. Koma munthu akapanikizika nzeru zimabwera, zabwino ndi zopusa zimalowera khomo limodzi. Patsinde pa mtengo womwewo panali dengu la mphalabungu limene mayi wina wobwerako msanga kunkhalango analisiya pamthunzi. Bwembya anazikhuthula, kapena tinene kuti anakhuthula zambiri mwa izo.

Kuthengo kuja kunatuluka munthu wamfupi, wamatewe, wa malaya achikasu, kumutu atavala dengu mpaka m'mapewa.

Pamsewu panangoti zii. Ngakhale dalaivala anasiya kuimba hutala. Woyamba kupeza mawu anali Bana Mpundu, ndipo Mulungu amudalitse mayi ameneyu, chifukwa anamvetsa zonse m'kuphethira kumodzi.

“Ii, takulandirani alendo! Mwachokera kuti, bambo?”

“Kutali,” linayankha dengu ndi mawu aang'ono ngati a mbuzi ya chimfine.

“Mwafika bwino. Tili ndi wodwala pano, koma mkamwini wake wathawa. Mungatithandize?”

“Mundikwezere,” linatero dengu, n'kuwerama.

Chilekwa anayandikira ndi foni yake. “Okondedwa otionera, amene mukumuonayu si wina ayi koma Bashi...” Sanamalize. Bana Mpundu anali atamuponda phazi lopanda nsapato lija.

“Mwana iwe, waona nkhope?”

“Koma amayi, malayawo...”

“Malaya achikasu anasokera munthu mmodzi? Ndati waona nkhope?”

Chilekwa anayang'ana amayi asanu ndi awiri amene anamuzungulira, wina atagwira mpeni wa chikanda. “Si wina ayi koma munthu wosadziwika,” anatero, “wochokera kutali.”

Amayi aja anawakweza Banakulu Lombe pamsana pa mlendoyo, n'kuwamangirira ndi zitenje ziwiri. Ulendo unayambika: dengu patsogolo, Bana Mpundu pambali, Chilekwa akutsimphina pambuyo, kenako theka la basi, poti zaulere zoonera sizikanidwa. M'dengumo Bwembya ankangoona timizere ta kuwala ndi zala za mapazi ake. Bana Mpundu ndiye ankamuwongolera ngati ng'ombe ya pangolo.

“Kumanja, alendo! Kumanja kwanu, osati kwanga! Weramani, pali nthambi!”

Mawu akuti nthambi anafika nthambiyo itafika kale. Inali ya msuku, ndipo siinapeze dengu ayi, inapeza mphumi ya wodwala. Gululo linati “Mayo!” pamodzi. Dengu linapepesa kwa mtengo n'kupitirira.

Apa mphalabungu zotsalira zija zinayamba kufufuza dziko latsopano. Ina inatsikira m'khosi, ina inalowa m'malaya, ina yolimba mtima inakaima pakhomo pa khutu n'kumalingalira zolowa. Manja onse awiri anali atagwira miyendo ya wodwala, pokanda panalibe. Bwembya ankangopukusa mutu, dengu n'kumavina, moti amene anaonera pa foni ankati mlendoyo amapemphera m'malilime. Pakati pa dambo phazi linaterereka, onse awiri n'kukhala pansi m'matope kuti phwatha! Anadzuka yekha, ndi katundu wake yense, ndipo apa ngakhale oseka aja anasiya kuseka.

Pa ulalo Bana Mpundu anati ayambe kulangiza, koma dengu linati, “Khalani chete, msuweni,” ndi mawu ake enieni, litaiwala za mbuzi zija. Palibe amene anamva, ndithu palibe. Mitengo iwiri ija Bwembya amaidziwa ndi mapazi, mfundo iliyonse, poterera paliponse. Anaponda pang'onopang'ono madzi akulira pansi. Ali pakati anamva dzanja la wodwala likufinya malaya ake paphewa, kenako n'kulefuka. Mtima wake unagwa, poganiza kuti ndiko kutsirizika kumeneko. Mtunda wotsalawo anathamanga osaona kumene akupita, akulira m'dengu mwakachetechete.

Namwino wa masiku ano anatsegula chitseko, anayang'ana malaya, anayang'ana miyendo. “Mwabwera ndi ndani lero, Bashi...” Anaona diso la Bana Mpundu. “Bambo mlendo. Agonekeni apa.” Mlendoyo anawagoneka bwinobwino chammbali, anatuluka, anagunda mzati wa khonde, n'kuzimiririka kuseri kwa chimbudzi. Patapita ola, anthu anamupeza Bwembya pakamsasa pake akumata chubu chomwe chija, khosi litatupa zidzolo, malaya ali matope okhaokha. Anafunsa kuti, “Kodi kunachitika zotani kuno?” ndipo anthu anamufotokozera zonse mwaulemu.

Banakulu Lombe anapulumuka. Namwino anati akanachedwa nawo pang'ono tikanakamba zina.

Kanema wa Chilekwa sanagone pa Mansenga. Pofika Lamlungu anali ataonedwa ku Kasama, ku Kitwe, mpaka wayilesi ya kanema ya ku Lusaka inamuonetsa katatu, kubwereza makamaka pa nthambi paja. Dziko lonse linkafunsa kuti wovala dengu wa pa Mansenga ndi ndani. Ena ankati ndi mngelo, ena ankati ndi mkaidi wothawa amene walapa. Kagulu kena ka eni mabasi kanalengeza kuti munthuyo akadziulula kamupatsa njinga yamoto yokoka kangolo ka odwala, ndiponso kamutengera ku Lusaka kuti akalankhule pa kanema.

Chilekwa anafika pakamsasa, nthawi ino wopanda thumba la makala.

“Bashi Lombe, ndagwira mwendo wanu. Nkhani yanga yoyamba kufika ku Lusaka ndi imeneyi. Mungonena mawu awiri basi. Mukakwera ndege, mukagona ku hotela.”

Bwembya anakanda khosi. Taganizirani, munthu woti wabuulira makala zaka zonsezi kuti amveke mtunda wa makilomita makumi asanu, lero Lusaka yamugogodera yokha. Mawu awiriwo anafika mpaka kummero, anawamva kukoma kwake. Kenako anayang'ana chakumunsi, pamalo opanda munthu pomwe pamakhala beseni la chikanda.

“Ine ndinali kuthengo, mwana wanga,” anatero. “Sindinaone kanthu.”

Pomwe mwini wake wakana, ena sakana. Loweruka lotsatira pakhomo pa wayilesi panaima amuna asanu ndi awiri, aliyense ndi dengu lake. Shula wometa anafika ndi malaya achikasu atsopano, mtengo wake ukulendewerabe kukolala, akuyenda chotang'adza kuti aoneke wamatewe. Chilekwa, amene tsopano anali atayamba kuchenjera, anawatengera onse ku ulalo, n'kuwaberekesa matumba awiri a makala aliyense, dengu lili kumutu. Asanu anabwerera pomwepo. Mmodzi anakhala pansi pakati pa ulalo n'kuyamba kuitana amayi ake. Shula anaponda katatu, kachinayi anaponda mphepo, ndipo anakamuvuulira kumunsi dengu likadali kumutu. Anameza madzi ambiri, moti anafunika kumuthamangitsira kuchipatala. Anamubereka ndi Bwembya, nkhope ili poyera. Njinga yamoto ija pomaliza eni mabasi aja anaipereka kuchipatala, ndipo ilipo mpaka pano, yoyera bwino, poti pa ulalo siwoloka.

Koma choluma chenicheni chinabwera Lachinayi. Chilekwa anali atapita kukacheza ndi wodwala, ndipo mawu a Banakulu Lombe anamveka m'wayilesi iliyonse ya m'boma lathu, amphamvu ngati sanadwalepo.

“Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Bambo ameneyo, kulikonse kumene ali, Mulungu amuwonjezere masiku. Ine ndili naye mkamwini, wotchuka, wa pa wayilesi yanu yomweyi. Ndamva kuti atangondiona ndagwa, anadumpha ngalande n'kuthawira kuthengo.”

Chilekwa anatsokomola n'kuika nyimbo. Bwembya anazimitsa wayilesi pulogalamu isanathe, chinthu chimene anali asanachitepo.

“Mumafuna anene kuti chiyani?” anamufunsa Nsofwa atafika kunyumba. “Kuti anakwera pamsana pa mkamwini?”

“Ayi. Koma akanangosiyira pa mlendo paja. Za ngalandezo zinafunika?”

“Nanga simunadumphe?”

“Ndinadumpha.”

“Ndiye idyani mugone.”

A pa Mansenga ankadziwa zoona zake ndipo anasunga pakamwa, koma msewu ndi wautali. Madalaivala a mathanki ankati akamadutsa amaliza hutala n'kukuwa kuti, “Wothawa apongozi!” Makondakitala ankamuloza kwa okwera. Mayi wina wa ku Chinsali anachita kutsika basi kudzamuuza kuti ndi wopanda umunthu, n'kumuonetsa kanema wa wovala dengu kuti aphunzirepo. Bwembya anaonera mpaka kumapeto, n'kuvomera kuti munthuyo ndi wolimba mtima. Sabata zinayi zinatha chonchi. Kubereka sanasiye, anabereka mkulu wina wa shuga ndi mayi wina wolumidwa ndi njoka. Koma Chilekwa akabwera ndi thumba la makala, ankangomuuza kuti wodwala anafika bwino, zina akafunse mwini wake. Pulogalamu inayamba kufupika. Bwembya anaonda, ndipo mumtima anali atavomera kuti adzafa akupatukirabe kuthengo.

Lachisanu lina mu Disembala, Banakulu Lombe anafika pabwalo akuyenda ndi ndodo, pamphumi pali kachipsera. Anaima chofulatira nyumba monga kale. Bwembya m'nyumbamo anakonzeka kumva mlandu watsopano.

“Iwe nkhuku,” anatero, “bwera kuno. Wanditumikira nthawi yaitali, koma ntchito yako yatha. Mawa ulowa mumphika kwathu. Uthenga wako womaliza ndi uwu: uwauze eni khomo lino kuti mawa asapite kumsewu, ndipo malaya aja achape.”

Anaigwira nkhukuyo, anaipanira m'khwapa, n'kumapita. Bwembya anayang'ana mkazi wake. Nsofwa anali atatseka pakamwa ndi chitenje, misozi ikutsika, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Mawa lake ng'oma zinalira kuyambira m'mawa. Amayi anabwera kudzamutenga akuimba, Bana Mpundu patsogolo akuvina mpaka fumbi. Panjira Bwembya anaona chitenje chobiriwira pakhomo patali, miyendo n'kuyamba kukhotera kuthengo mwachizolowezi, moti anachita kumugwira amayi awiri uku ndi uku. Pakhomopo dzanja lonenepa, lofunda, linagwira lake n'kumukoka. Anawerama pachitseko chachifupi n'kulowa. M'nyumbamo munali mbale zovundikira zoposa makumi awiri: nkhuku ija, nsomba zouma zotendera, chigwada, bowa, chikanda, mphalabungu zokazinga zimene iye anaziyang'ana ndi diso lachidani. Anamukhazika pamphasa. Oimba anatuluka, munangotsala iye, Nsofwa ndi eni nyumba.

“Bwembya.”

Dzina lake linali lisanatulukepo pakamwa pa apongozi ake. Iye maso anali pansi.

“Tukulani mutu, mundiyang'ane.”

Anatukula. Kwa nthawi yoyamba anaona nkhope ya apongozi ake pafupi. Anali ndi maso a Nsofwa, ndi kampata pakati pa mano, ndipo sanali oopsa monga ankawaganizira kuseri kwa mitengo.

“Munandigunditsa mumsuku,” anatero Banakulu Lombe akuloza kachipsera.

Bwembya anagwetsanso maso pansi, iwo n'kupitiriza.

“Ndinadzukira pomwepo. M'matope muja munandikhazika ndili maso. Pa ulalo ndinachita kutsinzina ndekha, nditaona kuti wondinyamula sakuona kumene akupita. Fungo la guluu wa matayala lili m'mphuno, ndiye ndisadziwe kuti ndili pamsana pa ndani? Ndinangoti ndikayankhula, tonse tithera m'madzi ndi manyazi omwe.”

“Amayi,” anatero Nsofwa, “nanga za pa wayilesi zija?”

“Ndimafuna ndione ngati pakamwa pawo pangasunge munthu. Kunyamula si nkhani, bulu amanyamula. Koma aliyense amene ananyamulidwa ndi amuna akowa, Lachinayi ankavulidwa pa wayilesi. Ndiye ine ndilowetse m'nyumba mwanga munthu woti mawa dziko limva zimene zili kuchipinda kwanga? Ndinawatukwana dala, pagulu. Ndinadikira Lachinayi loyamba kuti adziyeretse. Zii. Lachiwiri, zii. Anthu a ku Lusaka anabwera ndi njinga yawo, zii. Madalaivala akuwanyoza ine ndikumva ndili pakhonde la chipatala. Ndinati basi, uyu wasenza manyazi anga mwezi wathunthu osawatula. Ndikufunanso chiyani?”

Panja ng'oma zinali zitayambanso. Bwembya anatembenukira kwa mkazi wake. “Bana Lombe, auzeni kuti...”

“Ndili pompano,” anatero Banakulu Lombe. “Uzani ine.”

Anawayang'ananso. Munthu amene pa wayilesi ankatha kuyankhula theka la ola osapuma, anafufuza mawu m'mutu monse n'kupezamo amodzi okha.

“Amayi,” anatero. Anayesa kupitiriza, koma misozi inayamba kugwera pa malaya ochapa aja.

Banakulu Lombe anavundukula mbale ya nkhuku, anasankha ntchafu, n'kumuikira m'manja.

“Ndamva, mwana wanga,” anatero. “Idya, zisanazizire.”